Mwana akafuna kulowa West Point kapena Annapolis, yambani ali m'giledi 11

Mwana wa mchemwali wanga atanena kuti akufuna kukaphunzira ku sukulu ya asilikali apamadzi ku Annapolis, tonse tinkaganiza kuti zikhala ngati kufunsira malo ku koleji ina iliyonse kuno ku America: kulemba mafomu chakumapeto kwa chaka chomaliza cha sekondale, n'kudikira yankho. Tinapulumuka chifukwa cha mphunzitsi wake wa masamu, amene anamuuza kuti ayambe ali m'giledi 11, kudakali chaka ndi theka. Ndikulemba izi kwa makolo anzanga Achimalawi amene ana anu ndi nzika za dziko lino, kuti musadzathamange nthawi itakutherani.

Chimene chimachedwetsa ana ambiri si magiredi ayi. Ndi zinthu zimene zili m'manja mwa anthu ena: madokotala, ofesi ya phungu, aphunzitsi olemba makalata aumboni, ndiponso mapepala a unzika. Mwana akhoza kukhala katswiri m'kalasi, koma sangafulumizitse anthu amenewa. Mankhwala ake n'kuwayamba msanga basi.

Yambani ndi kudziwa sukulu zake ndi mtengo wake weniweni

Sukuluzi zilipo zisanu. West Point, ya asilikali apamtunda, ili m'mbali mwa mtsinje wa Hudson ku New York ndipo inayamba mu 1802. Naval Academy ili ku Annapolis, Maryland, kuyambira 1845, ndipo omaliza kumeneko amalowa Navy kapena Marine Corps. Air Force Academy, ya asilikali am'mlengalenga, inakhazikitsidwa mu 1954 ndipo ili ku Colorado Springs. Coast Guard Academy ili ku New London, Connecticut, ndipo Merchant Marine Academy, ya zombo zamalonda, ili ku Kings Point, New York. Atsikana anayamba kulandiridwa ku West Point, Annapolis ndi Colorado Springs mu 1976, ndiye amene muli ndi ana aakazi musaganize kuti nkhaniyi sikukukhudzani. Pa sukulu zitatu zikuluzikuluzo, iliyonse imatenga ana pafupifupi 1,200 chaka chilichonse, pomwe ofunsira amakhala zikwi zambiri.

Ku West Point, Annapolis, Colorado Springs ndi New London kulibe fizi. Chakudya, malo ogona ndi chipatala ndi za boma, ndipo mwana amalandiranso ndalama yoposa $1,000 pamwezi, ngakhale yambiri imadulidwa kulipirira yunifomu, mabuku ndi kompyuta. Makolo ambiri akamva zimenezi maso amawala, ndipo ndikuwamvetsa, pakuti ngongole ya koleji kuno imakalamba ndi munthu. Koma walira mvula walira matope. Akamaliza zaka zinayi, mwanayo amatuluka ndi digiri komanso udindo wa ofisala, ndipo ayenera kugwira ntchito ya usilikali zaka zosachepera zisanu, kenako zina zitatu ali m'gulu loyembekezera kuitanidwa. Oyendetsa ndege amatumikira zaka zochulukirapo. Kukabuka nkhondo, amapita. M'zaka ziwiri zoyambirira mwana angathe kusiya sukuluyo popanda mangawa, koma akangolowa chaka chachitatu wadzimanga. Akasiya pamenepo akhoza kutumizidwa kukagwira ntchito ngati msilikali wamba kapena kuuzidwa kubweza ndalama zimene boma linaononga pa iye.

Choncho khalani naye pansi, mumufunse bwinobwino ngati chikhumbochi n'chake kapena akungofuna kukupeputsani katundu wa fizi. Mwana wokakamizidwa amaonekera pa intavyu, ndipo akalowa, masabata oyamba a maphunziro ausilikali amamulavula.

Onani ngati ali woyenera, makamaka pa za unzika

Ku West Point, Annapolis ndi Colorado Springs mwana ayenera kukhala atakwanitsa zaka 17 koma asanakwanitse 23 pofika pa 1 Julayi wa chaka cholowa. Akhale wosakwatira kapena wosakwatiwa, wopanda mwana amene lamulo likumukakamiza kulera, ndipo ngati ndi mtsikana asakhale woyembekezera. Akhalenso nzika ya America. Green card yokha siyokwanira.

Apa ndi pamene mabanja athu amapunthwa. Mwana wobadwira kuno alibe vuto, setifiketi yake yakubadwa imakwana. Koma amene anabadwira kwathu, ku chipatala cha Queens ku Blantyre kapena cha Bwaila ku Lilongwe, n'kubwera kuno ali wamng'ono amafunika umboni. Lamulo limati mwana wosakwana zaka 18, amene ali ndi green card ndipo akukhala ndi kholo lake kuno, amakhala nzika pamene kholo lakelo lalandira unzika. Chovuta n'chakuti palibe amene amakutumizirani pepala lotsimikizira zimenezi popanda inu kufunsira. Mutengereni pasipoti ya America, ndipo ngati mungathe, funsiraninso setifiketi ya unzika pa fomu ya N-600, imene imatenga miyezi yambiri kuti ituluke. Onaninso kuti dzina ndi tsiku lobadwa zikufanana pa mapepala onse. Tikudziwana, kwathu mwana amakhala ndi dzina lina kusukulu, lina kutchalitchi, ndipo kalembedwe ka dzina la bambo kamasintha chilembo chimodzi pa pepala lililonse. Konzani zimenezi tsopano.

Malawi masiku ano amalola unzika wa mayiko awiri. Ngati mwana ali ndi pasipoti ya kwathu, anene poyera akafunsidwa, chifukwa ofisala aliyense amafufuzidwa asanapatsidwe chilolezo choona zinsinsi za boma, ndipo chobisika chikadzatulukira pambuyo chimapweteka kuposa chonenedwa poyamba.

Kwa amene ndi nzika za Malawi zokha, khomo lake ndi lina ndipo ndi lopapatiza. Lamulo limalola West Point, Annapolis ndi Colorado Springs kukhala ndi ophunzira a mayiko ena osapitirira 60 pa sukulu iliyonse nthawi imodzi, koma iwowo safunsira okha. Amasankhidwa ndi boma la kwawo kudzera ku ofesi ya kazembe wa America, ndipo akamaliza amabwerera kukatumikira dziko lawo.

Januwale mpaka Juni wa giledi 11

Kumayambiriro kwa chaka, mwana ali m'giledi 11, sukuluzi zimayamba kutsegula mafomu oyambirira pa intaneti. Ndi mafunso ochepa chabe: magiredi, zotsatira za mayeso a PSAT, SAT kapena ACT, masewera ndi zina zimene amachita. Akayankha ndipo akaoneka kuti ali ndi mwayi, amapatsidwa nambala ndi tsamba lake pamene zonse zotsala zidzalowetsedwe. Alembe ku sukulu zingapo. Amene akufuna zapamadzi asaiwale New London ndi Kings Point.

Nthawi yomweyi mpamene amafunsira malo ku misasa ya m'chilimwe ya pafupifupi sabata imodzi. Ku West Point amaitcha Summer Leaders Experience, ku Annapolis ndi Colorado Springs ndi Summer Seminar, ku New London ndi AIM. Mwana amakagona komweko, amadzutsidwa m'bandakucha, amathamanga, amalowa m'kalasi, n'kudzionera yekha ngati moyo umenewo angaupirire. Kupita kumsasa sikutanthauza kuti walandiridwa, ndipo akapanda kusankhidwa asagwe ulesi, chifukwa ambiri amene amalowa sukuluzi sanapiteko. Phindu lake lalikulu n'loti amabwera ndi yankho la funso limene munamufunsa lija.

Mayeso a SAT kapena ACT alembe koyamba giledi 11 isanathe, kuti akhale ndi mpata wobwereza m'Ogasiti, Seputembala kapena Okutobala. Sukuluzi zimayang'ana kwambiri masamu ndi sayansi, popeza aliyense kumeneko amaphunzira calculus, chemistry ndi physics ngakhale digiri yake itakhala ya mbiri yakale. Posankha maphunziro a giledi 12 asathawe masamu ovuta pofuna kuteteza magiredi.

West Point imayeza mwana motere: magawo 60 pa 100 ndi maphunziro, 30 ndi utsogoleri, 10 ndi mphamvu za thupi. Magawo 30 amenewo makolo athu timawapeputsa. Timati mwana azikhala pa mabuku, zampira n'zotaya nthawi. Koma osankhawo amafuna kuona mwana amene anakhalapo kapitawo wa timu, mtsogoleri wa kalabu, membala wa JROTC (maphunziro ausilikali a kusekondale), Civil Air Patrol (gulu lodzipereka la zandege) kapena Scouts, kapena wosankhidwa kupita ku misasa yophunzitsa utsogoleri ya Boys State kapena Girls State. Kutsogolera achinyamata kutchalitchi nakonso n'utsogoleri. Kugwira ganyu kumapeto kwa sabata pothandiza pakhomo, ngakhale kulera azing'ono ake pamene inu muli ku ntchito ya usiku, alembe zimenezo osachita nazo manyazi.

Kalata ya phungu

Ichi ndicho chimasiyanitsa sukuluzi ndi makoleji ena onse. Kupatula Coast Guard Academy, mwana sangalandiridwe popanda kusankhidwa ndi munthu amene lamulo linamupatsa mphamvu yotero, ndipo kusankhako amakutcha nomination. Pafupifupi mwana aliyense ali ndi makomo anayi: phungu wa chigawo chanu ku Congress, masenata awiri a state yanu, ndi wachiwiri kwa pulezidenti wa dziko. Ana a asilikali amene atumikira zaka zambiri alinso ndi khomo la pulezidenti. Phungu aliyense amaloledwa kukhala ndi ana asanu okha nthawi imodzi pa iliyonse ya sukulu zitatu zikuluzikulu zija, ndiye kawirikawiri pachaka pamatseguka malo amodzi kapena awiri, ndipo pa malo amenewo amatumiza mndandanda wa mayina angapo kuti sukulu isankhepo.

Mwana agogode makomo onse. Musaope kuti simudziwana ndi wina aliyense wandale, kapena kuti munavotera chipani china. Maofesi ambiri amaika gulu la anthu, kawirikawiri asilikali opuma ndi aphunzitsi, kuti liwerenge mafomu ndi kufunsa anawo. Musatumize mphatso, ndipo musafunefune munthu wokayankhulira mwana kuseri.

Msampha uli pa masiku. Ofesi iliyonse ili ndi fomu yake, nkhani zake zoti mwana alembe, chiwerengero chake cha makalata aumboni, ndi tsiku lake lotsekera. Ambiri amatseka pakati pa Seputembala ndi kumayambiriro kwa Novembala, miyezi ingapo sukulu yeniyeniyo isanatseke kulandira mafomu pa 31 Januwale. Mwana amene akuyang'ana Januwale yekhayo amadzazindikira khomo la phungu litatsekedwa kale, ndipo chaka chimenecho chapita. Ife tinalemba masiku onse pa pepala lalikulu n'kumata pa chitseko cha filiji mu Meyi. Aphunzitsi a masamu ndi Chingelezi, amene makalata awo amafunidwanso ndi sukulu, awapemphe asanatsekere tchuthi cha chilimwe, chifukwa mu Seputembala amakhala ndi mulu wa makalata a ana ena. West Point imafunanso umboni wa mphunzitsi wa sayansi.

Intavyu imachitika cha mu Okutobala mpaka Disembala. Pano ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa chikhalidwe chathu chabwino chikhoza kumugwetsa mwana. Tinawaphunzitsa kuti akamayankhula ndi akulu aziyang'ana pansi, aziyankha mwachidule, asamadzitame. Tsiku lina tinamukhazika mnyamata wathu pa mpando wa m'chipinda chodyera, ine ndi amalume ake tinakhala mbali inayo ngati ofunsa. Titamufunsa chimene anachita ali kapitawo wa timu yothamanga, anayang'ana zala zake n'kunena kuti anzake ndiwo ankalimbikira. Kwathu limenelo ndi yankho la mwana woleredwa bwino. Kwa msilikali wopuma amene wakhala kutsogolo kwake, ndi mwana amene alibe chonena. Tinabwereza Lamlungu lililonse kwa mwezi wathunthu mpaka anazolowera kuyang'ana munthu m'maso, kugwira chanza molimba, ndi kufotokoza momveka kuti iye anachita chakuti, zotsatira zake zinali zakuti. Ulemu sunamuchoke. Anangophunzira kuuonetsa m'njira imene iwowo amaiwerenga. Akonzekerenso funso loti n'chifukwa chiyani akufuna kukhala ofisala, ndipo yankho lisakhale la fizi.

Sukulu nazonso zili ndi anthu awo m'dera lanu. Ku Annapolis amamutcha Blue and Gold Officer, ku Air Force ndi Admissions Liaison Officer, ndipo West Point ili ndi oimira ake otchedwa Field Force. Woimba foni ndi kulemba imelo akhale mwanayo. Kholo likamayankhula m'malo mwake, iwo amaona.

Zachipatala zisadikire

Fayilo ya mwana ikafika pamlingo wina, dzina lake limatumizidwa ku bungwe la DoDMERB, limene limayang'anira zoyeza thupi. Mwanayo amadzaza mbiri ya umoyo wake, kenako amakaonana ndi dokotala wa thupi ndi wa maso. Kuyezedwa kamodzi kumakwanira sukulu zonse zisanu. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chomalizira mafomu mu Julayi kapena Ogasiti, popeza kuyezedwa sikuyamba fayilo isanasunthe.

Zinthu zimene zimabweza ana ndi zimene makolo tinaiwala kale: mphumu kapena mankhwala ake atadutsa zaka 13, mankhwala a ADHD, kudwala akadya mtedza kapena zakudya zina, matenda apakhungu, opaleshoni ya bondo kapena phewa, kuvulala m'mutu pa masewera. Ku sukulu zapamadzi amayang'anitsitsa ngati mwana amasiyanitsa bwino mitundu, makamaka kufiira ndi kubiriwira. Mawaya owongola mano ayenera kukhala atachotsedwa asanakalowe, ndiye kambiranani ndi dokotala wa mano nthawi ilipo.

Wathuyu anapatsidwa kopopera mankhwala m'kamwa kamodzi kokha ali ndi zaka 14, atadwala chifuwa m'nyengo yachisanu. Tinali titaiwala, koma m'mabuku a chipatala munalembedwa. Anatiuza kuti titumize mbiri yonse ya chifuwa chake kuyambira ali khanda. Ya kuno tinaidikira masabata angapo kuti chipatala china chitipatse. Ya ubwana wake inali m'kabuku kakuchipatala kakwathu, kamene kanatsala m'sutikesi ya agogo ake kumudzi. Msuweni wake anakafukula, n'kujambula tsamba ndi tsamba pa foni, masamba ena inki itafufutika ndi chinyezi, n'kutitumizira pa WhatsApp. Kenako anamuyeza mapapo. Zonsezi zinadya miyezi itatu. Tikadayamba mu Disembala bwenzi nkhani itathera pomwepo.

Ndiye ngati mwana anabadwira kwathu, itanitsani kabuku kameneko lero, pamodzi ndi khadi la katemera. Dziwaninso kuti katemera wa BCG amene makanda amalandira kwathu akhoza kupangitsa kuyeza TB kwa pakhungu kuoneka ngati mwana ali ndi kachilombo. Muuzeni dokotala za katemerayo, ndipo mufunse za kuyeza kwa magazi.

Kalata ikabwera yonena kuti mwana sanakwanitse muyezo wa zaumoyo, musataye mtima. Sukulu ikaona kuti ikumufuna, imatha kumupatsa chilolezo chapadera chotchedwa waiver, ndipo sukulu iliyonse imagamula payokha, kotero ina ikhoza kukana ina n'kulola. Koma sukulu imachitira zimenezi ana amene mafayilo awo ndi athunthu ndiponso olimba. Chimodzi chokha ndikupempheni: musamuuze mwana kuti abise matenda, ndipo musamusiyitse mankhwala popanda dokotala pofuna kuti mapepala aoneke oyera.

Mayeso a mphamvu

West Point, Annapolis, Colorado Springs ndi Kings Point zimagwiritsa ntchito mayeso amodzi otchedwa CFA, a zigawo zisanu ndi chimodzi zochitika motsatizana ndi mpumulo wochepa: kuponya mpira wa basketball atagwada, kudzikoka pa chitsulo, kuthamanga mobwerezabwereza pa kamtunda kakafupi, kudzuka chogona kwa mphindi ziwiri, mapushapu kwa mphindi ziwiri, ndi kuthamanga mailo imodzi, imene ndi makilomita 1.6. Coast Guard ili ndi mayeso akeake. Woyesa amakhala mphunzitsi wa masewera, mlangizi wa JROTC kapena ofisala wa asilikali, kholo sililoledwa.

Ana osewera mpira amaderera mayesowa. Kuponya mpira utagwada kuli ndi luso lake, ndipo mailo yothamanga manja ndi mimba zitatopa kale imasiyana ndi yothamanga uli watsopano. Ife tinapachika chitsulo pa mphuthu ya chitseko cha kuchipinda kwake mu Febuluwale, akukwanitsa katatu kokha, ndipo lamulo linali loti akamalowa kapena kutuluka adzikoke. Loweruka ankachita zigawo zonse motsatizana pa bwalo la sukulu, mng'ono wake atagwira wotchi ndi tepi yoyezera. Ayesedwe kumapeto kwa chilimwe, kusanazizire ndiponso masewera a sukulu asanamuvulaze.

Fayilo ikatha msanga

West Point, Annapolis ndi Colorado Springs zilibe dongosolo lomangiriza mwana kuti akalandiridwa msanga asapitenso kwina. Zimawerenga mafayilo pamene akumalizidwa. Mwana wolimba amene wamaliza msanga akhoza kulandira kalata yotchedwa Letter of Assurance, yomulonjeza malo malinga akapeza nomination ndi kukhoza zachipatala ndi zamphamvu. Ndi ochepa amene amailandira, ndipo kusailandira sikutanthauza kukanidwa. Coast Guard Academy yokha ndiyo ili ndi khomo lofunsira msanga lotchedwa Early Action, lotseka pa 15 Okutobala, ndipo yankho limabwera Disembala asanathe. Masiku amenewa amatha kusuntha pang'ono, ndiye mwana awatsimikize pa tsamba la sukulu chaka chimene akufunsira.

Kufulumira kusasanduke kuphwanyirira. Nkhani zimene mwana akulemba aziwerengetse kwa mphunzitsi, koma mawu akhale ake. Zotsatira zatsopano za SAT kapena udindo watsopano angathe kuwonjezera fayilo itatumizidwa kale.

Mayankho ambiri amabwera pakati pa Januwale ndi Epulo, ndipo wolandiridwa amavomera pofika pa 1 Meyi. Podikira, afunsire malo ku makoleji wamba, komanso thandizo la ROTC, limene limalipira fizi pa yunivesite wamba ndipo limatulutsa ofisala wa udindo womwewo. Ena amapatsidwa chaka chimodzi ku sukulu yokonzekera, monga ya Navy ku Newport, Rhode Island, ndipo akachita bwino amalowa chaka chotsatira. Mwana akapatsidwa mwayi umenewo aulandire ndi manja awiri. Amene wakanidwa angathe kufunsiranso ali chaka choyamba ku koleji, atatenga calculus, chemistry ndi Chingelezi, bola zaka zisanapitirire.

Wolandiridwa amakalowa kumapeto kwa Juni kapena kumayambiriro kwa Julayi, ndipo pakati apa malo ake akhoza kulandidwa akagwa m'kalasi, akapalamula mlandu kapena akavulala kwambiri. Ngati munakonza zopita naye kumudzi kukatsanzika agogo, ulendowo ukhale waufupi ndipo abwere kudakali masabata angapo. Amwe mankhwala oteteza malungo monga dokotala wanenera, agone m'neti, ndipo nsapato zothamangira zikhale m'chikwama.